Merle wa Akangaude

Merle Treloar analowa m'nyumba yake ya ku Berowra ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo ankauza aliyense kuti adzatulukamo ali m'bokosi. Ine ndinakhala naye moyandikana zaka zoposa makumi anayi, mpanda wathu umodzi, ndiye mawu amenewo ndinawamva mpaka kutopa nawo. Nyumbayo sinali yoti munthu n'kuifera. Inali yamatabwa, denga lake lodontha kukhitchini, ndipo kuseri kwake kunali munda wotsetsereka mpaka kukalowa m'chigwa cha mabulugama. Mwamuna wake Des, amene ankagwira ntchito kunjanji, ankathera Loweruka lililonse akusanja makoma a miyala m'mundamo kuti dothi lisamakokoloke. Miyalayo inamuthera msana. Atamwalira anasiyira mkazi wake makomawo, pamodzi ndi akangaude onse okhala kunsi kwake.

Ndikunena akangaude aja akuda bii, onyezimira pamsana ngati nsapato yopolishidwa, okumba una pansi pa mwala ponyowa n'kuluka khomo lake ngati kukamwa kwa lipenga. Kuno timakula tikuwadziwa. Mwana asanadziwe kumanga zingwe za nsapato amakhala atadziwa kale kuti nsapato yogona panja amayamba waigogoda pansi asanapisemo phazi. Koma enafe tikamuona kangaude ameneyu timathamangira fosholo. Merle yekha mumsewu wathu ndiye ankawagwira amoyo.

Sikuti ankawakonda. Anthu ankaganiza choncho, ndipo iye ankapsa mtima akamva. Chiyambi chake anandiuza kamodzi kokha, tikusenda mbatata za Khirisimasi. Asanabereke ankagwira ntchito yochapa pachipatala china mumzinda, ndipo tsiku lina m'chilimwe anamubweretsera nsalu za pabedi zochokera ku chipinda cha ana. Zinali zazing'ono, zonyowa ngati zagwera mumtsinje. Atafunsa, mnzake anamuuza kuti ndi thukuta ndi malovu a kamtsikana kolumidwa ndi kangaude dzulo lake kakusewera m'munda. Masiku amenewo mankhwala kunalibe. Madokotala anayesetsa zomwe akanatha, koma kamwanako kanapita. Merle sanakaone nkhope, ngakhale dzina lake sanalidziwe.

"Ine ndinangochapa, Glenys," anatero. "Ndinachapa, ndinasita, ndinapinda bwinobwino, n'kubweza kuti akagonepo wina."

Atatero anandilanda mpeni n'kundiuza kuti ndikusenda mokhuthala.

Patapita zaka mankhwala anapezeka, ndipo zinamveka kuti amapangidwa ndi ululu wa kangaude yemweyo. Kumalo ena osungirako nyama kumpoto kwathuku amawakama ululuwo kadontho kamodzikamodzi, ndipo kuti apulumutse munthu mmodzi pamafunika kukama akangaude ambirimbiri. Anapempha anthu kuti akamugwira wamoyo azikamutula. Merle anayamba kutsuka mabotolo a jamu sabata yomweyo, ndipo sanasiyenso.

Kagwiridwe kake kanali kosavuta kuonerera. Ankatenga botolo lakukamwa kwakukulu ndi supuni yaitali yamtengo, n'kugoneka botololo patsogolo pa kangaude, n'kumukankha pang'ono ndi supuni mpaka alowe yekha. Kangaude ameneyu sadumpha, ndipo pagalasi satha kukwera. Pansi pa botolo ankaikamo thonje lonyowa, chifukwa akauma amafa msanga, ndipo wakufa sakamidwa. Ankafuna amphongo okha. Wamkazi amakhala mu una mwake zaka ndi zaka osapita kulikonse, ndipo ululu wake ndi wochepa mphamvu. Wamphongo, woonda, wamiyendo yaitali, ndiye amatuluka mvula ikagwa kukutentha, n'kumayendayenda kufuna wamkazi mpaka kusochera m'nsapato, m'zovala zogwa pachingwe, ngakhale m'bafa. Ameneyo ndiye amapha.

"Ndi amuna basi," ankatero. "Kuyendayenda kosadziwa kolowera, kulakwira anthu osalakwa, kenako kufa chaka chisanathe."

Ine ndinkamuyankha kuti iyenso ndi kangaude wamkazi uja wokakamira una, ndipo ankandiopseza ndi supuni.

Mvula ikangogwa mu Disembala, foni yake sinkapuma. Msewu wonse unkamuitana, iye n'kumapita ndi botolo m'thumba la epuloni, akudzudzula eni nyumba chifukwa cha nsapato zosiyidwa pakhonde. Bambo wina wongosamukira kumene kuchokera ku Adelaide anapeza kangaude atamira pansi pa dziwe lake losambiramo, miyendo itapindika. Anamuvuula ndi kaukonde, ndipo ankati amunyamule ndi zala kuti aonetse ana ake. Merle, amene ankangodutsa, anamumenya ndi supuni padzanja.

"Wafa uyu, mayi! Wakhala m'madzi kuyambira dzulo!"

"Wafa ndani? Taimani pomwepo muone maliro ake."

Kangaude ameneyu amasunga mpweya mu ubweya wa pathupi pake, ndipo atha kukhala m'madzi tsiku lathunthu. Tinaima padzuwa kumuyang'ana. Posakhalitsa mwendo umodzi unatambasuka, kenako wina, ndipo Merle atamukhudza ndi supuni anadzuka n'kuimika miyendo yakutsogolo m'mwamba, mano panja, kadontho kakulendewera kunsonga. Bamboyo anakhala pansi pa udzu osauzidwa ndi munthu.

"Galu wanuyo akalumidwa angoyetsemula n'kumapita," Merle anamuuza uku akutseka botolo. "Mphaka chimodzimodzi. Ululu umenewu umagwira anthu ndi anyani basi. Ndiye mudziwe abale anu."

Umu ndi momwe analili, wolankhula mosapsatira mawu, wouma mutu, wosadziwa kuthokoza. Ndinkamukonda kuposa achemwali anga enieni. Masana aliwonse ankagogoda mpanda ndi supuni ija, ine n'kupita ndi keke, iye n'kuthira tiyi, ndipo tinkanena anthu mpaka dzuwa kupendeka.

Atadutsa zaka makumi asanu ndi atatu, mutu unayamba kumuthawa. Zinayamba pang'onopang'ono. Ankandiuza nkhani imodzi kawiri tiyi asanazizire. Tsiku lina anapsereza ketulo mpaka chogwirira kusungunuka, ndipo ine ndinakagula ina yofanana nayo kuti pasakhale zofunsana. Iye ankadziwa zomwe zikumuchitikira, ndipo zinkamuopsa kuposa kangaude aliyense, chifukwa mwana wake mmodzi yekhayo, Warwick, anali atayamba kale nyimbo ya nyumba yosungirako okalamba. Warwick amakhala ku Perth, kutsidya lina la dziko, ndipo si munthu woipa. Ndi mwana amene ankagona tulo tosakwanira poganiza za mayi ake ali okha pamtsetse wa miyala.

Pa Khirisimasi yomaliza anabwera, ndipo nkhaniyo anaiyamba ine ndili pomwepo patebulo.

"Amayi, malo ndawapeza, pafupi ndi kwathu. Chipinda chanu chanu, zenera loyang'ana kumaluwa. Ndipo kumene kuja kulibe akangaude amenewa, olo mmodzi."

"Ndiye ndikatani kumeneko? Kukawerenga maluwa?"

"Mukapume. Mwagwira ntchito yokwana."

"Wopuma ndi bambo ako uko kumanda. Ine ndikadali ndi miyendo."

Warwick anapukusa mutu. Anati chabwino, akhale, koma mabotolo asiye, ndipo chikangochitika chinthu chimodzi chokha, kaya kugwa, kaya moto, kaya chiyani, sadzafunsanso maganizo a munthu. Merle analonjeza msangamsanga, ndipo ndinadziwa kuti akunama. Pondiperekeza kugeti, Warwick anandigwira pamkono.

"Anti Glenys, mukaona zachilendo muzinditsina khutu, chonde."

"Ine si kazitape wako," ndinamuyankha. "Ukafuna kudziwa za mayi ako uzibwera."

Ndinalankhula mwaukali chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti mwanayo akunena zoona.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku angapo, kenako dzuwa linatuluka lotentha, nthaka ikufuka nthunzi. Zinkhwe zoyera zinkasokosa m'mabulugama. Masana amenewo mpanda sunagogodedwe. Ndinadikira, ndinadula keke, ndinadikiranso, kenako ndinadutsa pakageti kathu ka kuseri ndikung'ung'udza kuti nkhalambayi yagona.

Ndinamupeza atakhala pansi kukhitchini, atatsamira kabati. Mkono wake wamanja unali utakulungidwa bandeji kuyambira ku zala mpaka kukhwapa, molimba, mwaudongo, ndipo supuni yamtengo ija anaimangirira m'mbali kuti chigongono chisapindike. Anachita zonsezo ndi dzanja lamanzere ndi mano. Patebulo panali botolo lotseka bwinobwino, m'kati mwake kangaude wamphongo wamkulu akuzungulira.

"Tseka chitseko, ukulowetsa ntchentche," anatero.

"Merle! Wakuluma?"

"Ayi, wandipsompsona. Khala pansi, usandizungulire ngati nkhuku yofuna kuikira."

Ndinafunsa kuti zachitika bwanji, munthu woti wagwira akangaude moyo wake wonse osalumidwapo. Anayang'ana kumbali. Anati anatenga botolo pashelefu kuti alikonzere mawa, n'kupisamo zala kuti achotse thonje lakale. Kangaude anali kunsi kwa thonjelo. Anamugwira yekha m'mawa wa tsiku lomwelo, anamutsekera yekha, anamuika yekha pashelefu, ndipo pofika masana zonsezo zinali zitafufutika m'mutu mwake.

"Sindikukumbuka, Glenys. Ndikuyesetsa, koma palibe. M'mawa wonse kulibe."

Apo mpamene ndinaona mantha pankhope pake, ndipo sanali mantha a ululu. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge foni ili pakhoma.

"Usayerekeze!"

"Wapenga iwe? Ukufuna kufera pano?"

"Tamvera kaye. Ambiri akaluma sathira ululu wokwanira, ukudziwa iwenso. Ndamanga bwino, sindikugwedezeka. Tingokhala, tione. Ikabwera ambulansi, Warwick amva lero lomwe, ndipo nyumba ino sindidzaionanso. Ndakupempha chiyani chikhalire, iwe? Khala pansi."

Zoona, sanandipemphepo kanthu, ngakhale shuga. Ndinakhala pansi pambali pake, mawondo akulira. Ndinagwira dzanja lake lamanzere n'kumayang'ana pakamwa pake, chifukwa iye mwini ndiye anandiphunzitsa poyang'ana. Ndinkapemphera chamumtima kuti kukhale kuluma kuja kopanda ululu, tidzaseke mawa. Panja zinkhwe zinkapitiriza phokoso lawo, ndipo m'botolo kangaude uja ankangokanda galasi.

Sipanapite nthawi, anayamba kunyambita milomo.

"Ikuchita dzanzi?" ndinafunsa.

"Ndi ludzu chabe."

Kenako thukuta linatuluka pamphumi, lambiri, loyenderera mpaka m'khosi. Ubweya wa pamkono wake unaima. Misozi inayamba kutsika yokha iye asakulira, malovu akudzaza m'kamwa moti ankameza osamaliza. Atatsegula pakamwa kuti anditukwane, ndinaona lilime lake likunjenjemera lokha ngati kanyama kena. Ndinadzuka.

"Glenys, chonde. Glenys, mwana wa amayi, ndakugwira mwendo. Ndisiye m'nyumba mwanga."

Ndinaimba. Ndinatchula msewu ndi nambala ya nyumba, iye akundiyang'ana kuchokera pansipo. Nditabweza foni pakhoma analavula malovu pa epuloni yake n'kulankhula movutikira.

"Zaka zonsezi ndimayesa ndili ndi mnzanga."

Ndinatenga kansalu kopukutira mbale n'kumamupukuta kumaso, iye akutembenuza mutu kukana. Anyamata a ambulansi atafika anayamikira kamangidwe ka mkonowo, ndipo Merle, mpweya ukumuvuta kale, analoza patebulo ndi chibwano kuti asaiwale botololo, ndi wamphongo wabwino, akakamidwe.

Mankhwala anagwira ntchito. Kuchipatala anamubaya, ndipo pofika mawa lake thukuta linali litaleka, mapapo ayera. Mwina ululu wa akangaude ake omwe unali m'mankhwalawo, sindikudziwa, ndipo sindinapeze mpata womuseka nazo. Nditapita kukamuona anauza namwino kuti watopa, sakufuna alendo. Ndinasiya keke pakhomo n'kubwerera pa sitima.

Warwick anafika ndi ndege tsiku lotsatira. Mayi ake anamuuza kuti analumidwa akuzula udzu m'munda, ngozi yoti ingagwere aliyense, ndipo ine ndinali wokonzeka kuikira umboni bodza limenelo mpaka kumwamba. Koma sanandifunse. Analowa m'nyumba kukatenga zovala za mayi ake, ndipo patapita kanthawi anandiitana pampanda, nkhope itagwa.

"Anti, tabwerani muone."

M'kabati ya zakudya, kuseri kwa jamu ndi uchi, munali mabotolo ena. Ena anali kunsi kwa sinki, lina m'kabati ya mankhwala kubafa. M'botolo lililonse munali thonje louma ndi kangaude wakufa, miyendo itapindikira m'kati. Nyengo yonse yotenthayo Merle ankawagwira, n'kuwatsekera, n'kuiwala kukawatula. Mkazi amene ankakalipira msewu wonse kuti wakufa sakamidwa anali atawaumitsa yekha mumdima, mmodzimmodzi. Warwick anakhala pampando wa bambo ake n'kulira ngati kamwana.

Merle sanabwererenso m'nyumbamo. Anachoka kuchipatala n'kulunjika ku bwalo la ndege, katundu wake atalongedzedwa ndi anthu ena. Ndinapempha Warwick kuti galimoto idutsire mumsewu wathu, angoona khomo lake komaliza, koma anati mayi ake akana okha. Akuti ananena kuti safuna kuona nyumbayo, ndipo safuna kuona ine.

Nyumbayo inagulidwa ndi anthu omanga. Anabwera ndi chigalimoto chokumba, ndipo makoma amene Des anasanja moyo wake wonse anagwa tsiku limodzi lisanathe. Anathira simenti paliponse n'kumangapo nyumba ziwiri zofanana ngati mapasa, zopanda ngakhale mtengo umodzi. Akangaude othawa kumeneko anadzaza pabwalo panga mwezi wonse. Ndinawapha ndi fosholo, aliyense amene ndinamuona, aamuna ndi aakazi omwe, ndipo ndinkawapha ndi mkwiyo. Msewu wathu tsopano ulibe woitana mvula ikagwa. Achinyamata amangopopera mankhwala n'kutseka mazenera.

Anthu amandiuza kuti ndinachita bwino, ngati kuti ndinawafunsa. Ndikudziwa kuti ndinachita bwino. Zitachitikanso ndingaimbenso foni yomweyo, ndipo wondiuza kuti ndikanamusiya mnzanga afe ndikuonerera ndingamulavulire. Koma kuchita bwino sikuthira tiyi masana. Ndimadulabe keke yokwana anthu awiri, n'kudya theka, lina n'kupatsa mbalame.

Ndinkaimba ku Perth Lamlungu lililonse. Miyezi yoyamba wosamalira okalamba ankabwerera n'kundiuza mwaulemu kuti mayi Treloar akupuma. Ndinkadziwa kuti sakupuma, akukana, ndipo zinkanditonthoza pang'ono, chifukwa munthu wokwiya ndiye kuti mutu ukugwirabe. Chaka chitatha, Lamlungu lina, wosamalirayo anati dikirani, ndipo ndinamva mpweya wa Merle pafoni.

"Halo? Ndani?"

"Ndine Glenys."

"Oo, zikomo kwambiri poimba, mayi. Muli bwanji kumeneko?"

Merle sananditchulepo mayi chibadwire, ndipo zikomo wake ndinali ndisanamumvepo. Mawu ake anali ofewa, aulemu, a munthu wolandira mlendo wa kutchalitchi. Ndinamufunsa ngati akudya bwino, anati akudya. Ndinamufunsa za zenera lake, anati kuli maluwa, koma dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha, simungakhale kanthu kamoyo.

"Inu mukuimba kuchokera kuti?" anafunsa.

"Ku Berowra."

"Ku Berowra! Ine kwathu ndi komweko. Ndili ndi nyumba kumeneko, ya pamtsetse, mwina mumaidziwa. Ndibwerera posachedwapa, akungondisunga kaye kuno." Anatsitsa mawu ngati wonena chinsinsi. "Anandichotsako ndi mkazi wina woyandikana naye nyumba. Dzina landithawa. Ndinkamukonda, mayi inu, ngati m'bale wanga. Ndinamupempha kanthu kamodzi kokha."

Ndinafunsa kuti nanga mkaziyo akanatani, poti munthu anali akufa.

Kumbuyo kwake kunkamveka wailesi yakanema ndi mbale zikugundana.

"Akanangokhala nane pansi paja," anatero. "Sindinkaopa ayi. Ndinali kwathu."